Ndidakana thovu la alamu anga, n'kusankha pepala lonyezimira

Ndiloleni ndifotokozeko nkhani ya denga la nyumba yanga, poti ndikudziwa kuti tilipo ambiri m'Chigwa cha Shire muno, ngakhalenso anzathu a m'mbali mwa nyanja, omwe miyezi ya Okutobala ndi Novembala timagona panja nyumba zathu zili pomwepo, zokhoma bwino, za malata owala.

Ine kwathu ndi ku Dedza, komwe mwezi wa Juni madzi a m'ndowa amaluma zala. Ntchito ndiyo idanditsitsira kuno, pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Ngabu, pomwe ndimaphunzitsa Fizikisi ndi Masamu. Ndidakwatira konkuno, ndipo nditaona kuti sindichoka msanga ndidagula kapuloti n'kuyamba kuumba njerwa. Padapita zaka zinayi kuti nyumbayo ithe, pang'onopang'ono monga amamangira mphunzitsi: mwezi uno simenti, mwezi wamawa misomali, mwezi winawo palibe kanthu. Tidalowamo mu Juni 2023. Zipinda zitatu, malata a IBR a geji 28, ndi siling'i ya mabodi yopentedwa yoyera. Siling'iyo ndidailimbikira dala, chifukwa ndinkadziuza kuti ndiyo idzatitchinjiriza ku dzuwa. Kunena zoona ndinkaiyang'ana monyada usiku uliwonse ndisanagone.

Okutobala adandichotsa kunyadako. Ikamati 2 koloko masana, ukakwera pampando n'kugwira siling'i ndi chikhatho, umachotsa msanga ngati wagwira chivundikiro cha poto. Mafuta odzola a mwana adasungunuka m'botolo. Kandulo yomwe idali pawindo idawerama ngati nkhalamba. Tsiku lina ndidalowa m'siling'imo kudzera pa kachitseko ka m'kolido kuti ndikaone mawaya a sola, koma sindidathemo mphindi ziwiri. Ndidatsika malaya atanyoweratu, mutu ukuwawa. Kuno kutentha kumapitirira madigiri 40 nyengo imeneyi, ndipo nthambi yoona zanyengo imachita kuchenjeza pa wailesi. Koma madigiri 40 amenewo ndi a mpweya wa pamthunzi. Lata lokhala padzuwa tsiku lonse limapitirira madigiri 60, ndipo kutentha konseko kumatsikira pamutu pathu.

Tidayamba kugona pakhonde, monga amachitira aliyense kuno. Neti tinkaimanga pa nsanamira ndi pa nthambi ya mtengo wa nimu. Koma mwana wa zaka ziwiri sagona malo amodzi. Usiku amagubuduzika, phazi n'kutuluka, neti n'kutseguka. Mu Disembala adadwala malungo ndipo tidagona naye kuchipatala masiku atatu. Tsiku lotuluka, tili panjinga ya kabaza kubwerera, mayi a kunyumba adalankhula mawu omwe mpaka lero ndimawakumbukira. Adati: "Bambo, m'nyumba ya udzu ya amayi ija tinkagonamo mpaka kucha. Inu mwatimangira uvuni." Sadanene mokalipa, n'chifukwa chake zidandipweteka. Ndipo ankanena zoona. Denga la udzu la apongozi anga, lomwe ine mumtima ndinkaliona ngati chizindikiro cha umphawi, limapuma, ndipo masana m'nyumbamo mumakhala bwino kuposa m'yanga yomwe ndidaithera ngongole.

Nkhaniyi idafika kwa alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, omwe ali ku Johannesburg. Iwowa kumeneko amagwira ntchito kwa kontilakitala wa zomangamanga, ndipo ina mwa ntchito zawo n'kupopera thovu m'madenga a mafakitale ndi nyumba. Adanditumizira kanema pa WhatsApp. Munthu wavala zoyera thupi lonse, nkhope yabisika, m'manja muli chipaipi chonga mfuti. Akawaza kunsi kwa malata, madzi achikasu aja amafufuma pompo ngati mtanda wa mandasi, kenaka n'kuuma gwa. "Alamu, mankhwala ake ndi amenewa," adatero. "Pezani anthu ku Blantyre, theka la ndalama ndilipira ine. Mwana wa mlongo wanga asagonenso panja."

Munthu wotere sumukana msanga. Ndi iwowa adatithandiza kugula zitseko pomwe ine ndidali nditauma. Komanso pa mwambo wa kuno ndi kwathu komwe, mawu a malume a mwana salowa khutu lino n'kutulukira linalo.

Koma mmisiri yemwe adakhoma denga langa, bambo wachikulire yemwe adagwirapo ntchito m'makampani a zomangamanga ku Blantyre asanabwerere kumudzi, adali ndi maganizo ena. Adandikumbutsa kuti pokhoma malata adandiuza zogula pepala lonyezimira lija amisiri amangolitcha Sisalation, ine n'kuyankha kuti ndalama yatha. N'zoona, adanena. Ndidaliona ngati chokongoletsera cha anthu olemera. "Aphunzitsi, silidachedwe," adatero. "Tikhoza kulikhoma chakunsi kwa mitanda osachotsa lata ngakhale limodzi."

Apa ndiye padali posankha: thovu la alamu kapena pepala la mmisiri. Ndalama yomwe ndikadatha kupeza idali ngongole imodzi ya ku banki nkhonde ya aphunzitsi, ndipo ndikaiponya polakwika ndiye kuti chaka chinanso pakhonde.

Chochititsa manyazi n'chakuti yankho la funsoli ndimaliphunzitsa chaka ndi chaka. Mwana aliyense wa sekondale amaloweza kuti kutentha kumayenda m'njira zitatu: kudzera m'chinthu cholimba monga momwe chogwirira cha supuni chimatenthera mu tiyi, kudzera m'mpweya kapena madzi oyenda, komanso mwa cheza monga momwe moto wa mbaula umakuwambira nkhope iwe uli pataliko. Ndimajambula pabolodi fulasiki ya tiyi, yomwe James Dewar adaitulukira mu 1892, n'kumafotokoza chifukwa chomwe m'kati mwake mumanyezimira ngati kalilole. Ana amalemba, amakhoza mayeso, ine n'kupita kukagona mu uvuni.

M'siling'i masana, mpweya wotentha umakwera m'mwamba n'kukhala pansi pa malata, sutsika. Choncho gawo lalikulu la kutentha komwe kumafika pa mabodi kumabwera mwa cheza, kuchokera kunsi kwa lata. Bodi likatentha nalonso limayamba kuwamba anthu ali m'chipinda. Pepala lonyezimira lili ndi khungu la aluminiyamu lomwe limabweza pafupifupi 95 peresenti ya cheza chotere. Thovu lija limagwira ntchito mwa njira ina. Ndi mankhwala awiri omwe amakumana pakamwa pa chipaipi n'kufufuma, kusanduka chinkhupule chokhala ndi timabowo tosawerengeka todzadza mpweya, ndipo kutentha kumavutika kudutsamo. Limatsekanso mpata uliwonse. Mwachidule, limodzi ndi kalilole, linalo ndi bulangete.

Ndidaganiza zoyesa ndi ana a Fomu 3. Tidatenga makatoni anayi ofanana, lililonse tidalivindikira ndi chidutswa cha lata chotsala pa nyumba yanga, m'kati n'kuikamo thermometer ya ku labu. Loyamba tidalisiya chomwecho. Lachiwiri tidapachika pepala la aluminiyamu lokulungira chakudya kunsi kwa lata, mbali yowala itayang'ana pansi. Lachitatu pepala lomwelo tidalipanikiza pakati pa lata ndi chikatoni china popanda mpata. Lachinayi tidaikamo chithovu choyera chija chimabwera m'katoni ya wailesi, chomwe si thovu lopopera koma ndi pachibale pake. Tidawaika pabwalo nthawi ya buleki n'kumawerenga mphindi khumi zilizonse. La thovu ndilo lidachedwa kwambiri kutentha. La pepala lopachika lidatsatira, osati patali. Lopanikiza lija silidasiyane kwenikweni ndi katoni ya lata ndi chikatoni chabe. Aluminiyamu akakhudzana ndi zinthu mbali zonse ziwiri amangosanduka chitsulo wamba chodutsitsa kutentha. Pamafunika mpata wa mpweya, masentimita awiri kapena kuposerapo, kumbali yowala.

Mtsikana wina, yemwe kawirikawiri salankhula m'kalasi, adakweza dzanja. "Aphunzitsi, m'dengamo muli mdima. Ndiye chowalacho chikubweza kuwala kwake kuti?" Ndidaima kaye. Funso limeneli ndi lomwe alamu anganso adandifunsa pambuyo pake, mwachipongwe. Yankho n'lakuti cheza cha kutentha maso sachiona, koma chilipo ngakhale mumdima. Ndipo pali chinthu chachiwiri chomwe ambiri sachidziwa: chinthu chowala sichitha kutulutsa cheza mokwanira. Pepalalo likhoza kutentha lokha, koma mbali yake yowala yoyang'ana pansi imaumira kutenthako, siikuponyera pa siling'i. N'chifukwa chake ketulo yopukutidwa bwino imasunga tiyi nthawi yaitali kuposa yakuda ndi mwaye.

Ndiye ndinene mosabisa, alamu anga sadaname. Pa nkhani yotchinga kutentha pokha, thovu lopopedwa bwino ndiponso lokhuthala mokwanira limaposa pepala. Limachepetsanso phokoso la mvula pa malata, lomwe aliyense wophunzitsa m'kalasi yopanda siling'i amalidziwa, ndipo m'madera ozizira limasunga kufunda m'nyumba. Ndikadakhala ndikumanga chipinda chosungiramo mankhwala kapena nsomba, sindikadaganiza kawiri. Zomwe zidandibweza ndi zina.

Choyamba chidali mtengo. Munthu yemwe ndidamupeza palamya ku Blantyre adandiwerengera pa sikweya mita, n'kuwonjezera mayendedwe a galimoto kutsika chitunda cha Thabwa ndi makina ake, jenereta poti kwathu kulibe magetsi a mawaya, ndi malo ogona anyamata ake. Mankhwalawo amachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chodutsa pachipata cha dziko mtengo wake sukhazikika. Ngakhale theka lomwe lidatsalira ine lidaposa ngongole yomwe anzanga akadandipatsa. Mapepala okwanira denga lonse, ogula ku Limbe, pamodzi ndi malipiro a mmisiri, adakwana m'ngongoleyo n'kutsalako ya utoto.

Koma si mtengo womwe udandigonetsa mochedwa. Ndi chiswe. Kuno chiswe sichigona. Chaka chilichonse ndimakwera m'siling'i ndi tochi kukaona ngati mizere ya dothi yayamba kukwera pa mitanda. Chiswe sichidya thovu, koma chimaboola njira m'kati mwake n'kumayenda mobisika, ndipo thabwa lokutidwa sungalione. Chimodzimodzi kudontha. Msomali umodzi ukamasuka, panopa ndimaona banga pa siling'i n'kudziwa pokamata. Pansi pa thovu madzi akhoza kukhala pakati pa lata ndi thabwa miyezi, lata likuchita dzimbiri, thabwa likuwola, iwe ukuyamikira kuti nyumba yazizira. Ndidawerengaponso kuti ku Britain mabanki ena amakana kupereka ngongole yogulira nyumba yomwe denga lake lidapoperedwa thovu, pa chifukwa chomwechi choti oyendera nyumba satha kuona matabwa. Ngati azungu omwe chiswe sichiwavutitsa ngati ife akuda nkhawa, nanga ine wa ku Ngabu?

Palinso nkhani ina yomwe alamu anga, pokhala adachoka kale, mwina adaiwala. Kuchigwa kuno lata ndi chuma chonyamulika. Namondwe wa Ana atadutsa mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, tidaona mabanja makoma atagwa akuzula malata, kuwawongola ndi nyundo, kuwasenza pamutu kupita kumtunda kukayambiranso. Ine puloti yanga ili pokwererako, koma palibe wa kuno yemwe angalumbire kuti madzi sadzamupeza. Thovu limamatirira lata ku mtanda ngati ulimbo. Kulichotsa n'kupala pang'onopang'ono, ndipo lata lopindika ndi mphepo kulisintha ndi nkhondo. Pepala ukhoza kulizula ndi manja, kukonza chomwe chavuta, n'kulibwezera.

Za moto sindinena zambiri. Thovu limeneli limayaka, ndipo utsi wake uli ndi poizoni. N'chifukwa chake kumene kuli malamulo okhwima amafuna kuti likutidwe ndi chotchinga moto. M'nyumba mwanga muli makandulo, mbaula pakhonde ndi mawaya a sola omwe adalumikiza mnyamata wodziphunzira yekha. Opopera amavalanso zodzitetezera mpaka kumphuno, ndipo eninyumba amauzidwa kuti achokemo kwa tsiku lathunthu kapena kuposerapo. Mankhwala awiri aja akapanda kusakanikirana pa mlingo wake, thovu silikhwima bwino ndipo fungo limakhalitsa. Zikadatero, ndikadakadandaula kwa yani, munthu atakwera kale chitunda ndi ndalama zanga?

Kuimbira alamu lamya ndiko kudandivuta kuposa Fizikisi yonseyi. Ndidazengereza sabata yathunthu. Nditawafotokozera, adakhala chete kwa kanthawi, kenaka adaseka. "Ndiye mwati mwana wa mlongo wanga mumuteteza ndi pepala lokulungira nkhuku?" Ndidayesa kunena za mpata wa mpweya, za chiswe, za malata a anthu a ku Nsanje. Adangoti, "Chabwino alamu, ophunzira ndinu," n'kudula. Aliyense wodziwa Chichewa akudziwa kuti mawu amenewo si oyamikira. Mayi a kunyumba adakhala masiku awiri akundiyankha mwachidule. Kwa iwo ndidali nditakana thandizo la mbale wawo chifukwa cha kunyada, ndipo ine sindingalumbire kuti kunyadako kudalibemo ngakhale pang'ono.

Ntchito tidaigwira mu Ogasiti 2024, nthawi ya tchuthi, kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka dzuwa lisanakwere. Apa napo tidakanganako ndi mmisiri. Ataona kupanikiza kwa m'siling'imo adasintha maganizo, akuti tingoyala pepalalo pamwamba pa mabodi ngati mkeka, tithane nazo. Ndidakana. Kuno fumbi la Seputembala limalowa ngakhale m'sutikesi yotseka, ndipo mbali yowala ikayang'ana kumwamba n'kukutidwa ndi fumbi, kalilole uja wafa. Tidalikhomera kunsi kwa mitanda, kuwala kutayang'ana pansi, mapepala akuphimbana pang'ono m'mphepete. Tidasiya mpata m'munsi cha kukhoma ndi pamsonga pa denga kuti mpweya wotentha wa pakati pa lata ndi pepala uzikwera n'kutuluka. Tidaboolanso mabowo awiri m'makoma a m'mbali, pamwamba pa siling'i, n'kutchinga ndi waya wa sefa kuti mileme isapezepo pokhala. Mawaya a sola ndidayamba ndawachotsa ku batire n'kuwalowetsa m'mapaipi apulasitiki, chifukwa aluminiyamu amadutsitsa magetsi ndipo waya umodzi wosupuka ungasandutse denga lonse msampha. Pomaliza, ndi ndalama yotsala ija, ndidapenta malata a mbali ya kuzambwe utoto woyera. Mbali inayo ikudikirabe.

Okutobala adabweranso. Sindinama kuti nyumba yanga yasanduka Dedza. Masana mumatenthabe, chifukwa mpweya wolowa pawindo ndi womwewo wa madigiri 40. Makoma a njerwa, makamaka lomwe limayang'ana kolowera dzuwa, amamwa kutentha tsiku lonse n'kumakulavula usiku, ndipo pepala la m'denga lilibe nawo ntchito makomawo. Ndabzala mitengo iwiri ya nimu mbali imeneyo koma idakali yofika m'chiuno. Chomwe chidasintha n'chakuti siling'i ukaigwira 2 koloko masana imangofunda ngati mphumi ya munthu, siotcha. Kuwambidwa pamutu kuja kudatha. Ikamakwana 9 koloko usiku, mawindo ali otsekula ndipo sefa ali m'malo, munthu umatha kugona pabedi m'neti yopisira bwino. Chaka chimenecho tidagona pakhonde mausiku asanu ndi limodzi, mayi a kunyumba ndiwo ankawerenga. Chaka chapitacho tidali titagonapo pafupifupi miyezi iwiri.

Kodi thovu likadatichotseratu pakhonde? Mwina likadachotsako mausiku angapo. Makoma akadakhala omwewo.

Alamu adabwera pa Khirisimasi. Atalonjeredwa n'kumwa madzi, sadadikire nsima. Adapempha mpando, adakwera, n'kuika chikhatho pa siling'i ya pabalaza. Adachisiya pamenepo nthawi yaitali. Kenaka adatsegula kachitseko ka m'kolido, n'kulowetsa mutu ndi tochi ya foni. Ine ndidaima pansi nditagwira mpando, mtima ukugunda ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso. Adatsika, adapukuta manja pa buluku, n'kunena kuti pakona ya kuchipinda cha mwana pepala lalekana ndipo tikapanda kumata ndi tepi ya aluminiyamu lidzang'ambika ndi mphepo. Adati atumiza mpukutu umodzi ndi munthu wa basi mu Januwale. Za thovu sadatchule, inenso sindidatchule.

Tepiyo idafika mu Febuluwale. M'jumbo momwemo mudali kabuku ka kampani yopopera thovu, tsamba la mitengo atalipinda pakona.